Tsiku limene ngongole yabwino inasanduka yokayikitsa

Ndinagwirako ntchito ku nthambi ya banki ina kuno ku Zomba, ku gawo la ngongole. Dzina la bankiyo sinditchula, ndipo la abwana amene ndikufuna kusimba za iwo mulibe nalo ntchito. Ntchito ija ndinaisiya, pano ndimasungira mabuku eni mabizinesi ang'onoang'ono m'tauni muno. Koma fayilo imodzi imandibwererabe m'mutu ndikangoona masamba athunthu a nyuzipepala atadzaza manambala a phindu la mabanki.

Inali ya bambo wina wa chigayo cha mpunga ku msewu wa ku Jali. Munthu wosavuta. Namondwe wa Freddy atakokolola minda mu Marichi 2023 anachedwako kubweza kwa masabata angapo, kenako anadzalipira zotsalira zonse osasiya ngakhale tambala. Pofika Disembala, mukanandifunsa kuti mwa makasitomala anga onse ndani amene sandisowetsa tulo, ndikanatchula iwowo.

## Abwana a ku likulu

Chaka chikamapita kumapeto, akuluakulu oyang'anira ngongole amachoka ku likulu ku Blantyre n'kumayendera nthambi, kuti mabuku akamatsekedwa pa 31 Disembala akhale atadzionera okha zomwe zili m'mafayilo. Amene ankabwera kwathu anali katakwe weniweni: akauntanti wa mapepala ake, membala wa ICAM, bungwe la akauntanti m'dziko muno, woyambira ku kampani ya maodita asanalowe m'banki. Sankakalipa. Fayilo ankaiyambira kumapeto, komwe kuli sitetimenti ya miyezi yaposachedwa, makalata okoma a kutsogolo n'kuwaona pomaliza. Kusiyana kwa mtengo wa Kilombero ndi Faya pa msika wa Zomba ankakudziwa kuposa ife okhala konkuno. Tinkawaopa, komanso tinkawasirira.

Kuti zomwe anachita zimveke, pali kachidutswa kamodzi ka ntchito yathu koyenera kukadziwa. Kuyambira pa 1 Januwale 2018 mabanki amatsata muyezo wotchedwa IFRS 9, umene unalowa m'malo mwa IAS 39. Wakale uja unkati dikirani ngongole ionetse kuti yavunda, ndiye mulembe kuti mwaluza. Watsopanowu umati yerekezani lero zomwe mungadzaluze mawa, ndalamayo muipatuliretu. Yopatulayo ndiye provishoni, ndipo kwacha iliyonse yolowa mmenemo imachotsedwa pa phindu la chaka chimenecho.

Ngongole zimaikidwa m'masiteji atatu. Yoyenda bwino ili pa siteji 1, pamene mumapatula kangachepe, kongoyang'ana miyezi 12 ikubwerayo. Chiopsezo chikakwera kwambiri poyerekeza ndi tsiku limene munabwereketsa, imasamukira pa siteji 2, ndipo apo mumawerengera zomwe mungaluze mpaka ngongoleyo idzathe. Siteji 3 ndi ya zovunda kale. Masiku 30 osalipira amakankhira pa 2, masiku 90 pa 3. Koma masikuwo ndi mpanda womaliza chabe. Munthu atha kusamutsidwa asanaphonye n'komwe, ngati woyang'anira waona kuti kutsogolo kwake kwada. Ndipo kuda kwa kutsogolo amaona ndi munthu, kompyuta imangolandira zomwe yauzidwa.

## M'kachipinda kakumbuyo

Tinakhala m'kachipinda kosungiramo mafayilo, fani ikulira, mitambo itakuta phiri koma mvula osagwa. Panali abwanawo, manijala wa nthambi, ndi ine. Atafika pa fayilo ya chigayo anavula magalasi.

"Achemwali, bambo awa mwawasiyiranji pa siteji 1?"

"Alibe chotsalira, bwana. Sitetimenti ndi imeneyo."

"Ndaiona. Mpunga amagula kuti?"

Ndinati ku sikimu ya Likangala ndi ya Domasi, wina kwa alimi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa.

"Zomwe madzi anaononga kumeneko zakonzedwa zonse?"

Ndinati sizinathe.

"Nanga azanyengo akuti chiyani za dzinja lino?"

Tonse tinkadziwa. El Niño, mvula yochepa kummwera kuno.

"Malamba ndi masefa a chigayo amachokera kunja. Kwacha yagwa ndi 44 peresenti mwezi wathawu. Chiwongoladzanja cha ku Reserve chili pa 24. Inuyo, achemwali, bambowa atabwera lero koyamba, mungawabwereke pa mtengo womwe uja?"

Palibe funso ngakhale limodzi limene linali lopanda mutu. Kenako anatembenukira ku chikole, nyumba ya ku Chinamwali. Anafunsa kuti pa pepala langa ndalemba kuti ingagulitsidwe patapita nthawi yaitali bwanji zinthu zitavuta. Ndinati chaka chimodzi. Anaseka pang'ono. Kodi ndinaonapo nyumba ya chikole ikugulitsidwa m'chaka chimodzi, mwini wake asanathamangire kukhoti kukatenga chiletso? Anati lembani zaka zitatu.

Kanambala kamodziko si kamasewera. Tiyerekeze ngongole ya K60 miliyoni yafa, chikole chake n'cha K50 miliyoni, chiwongoladzanja chili pa 30 peresenti. Ndalama yobwera mochedwa imachepa mphamvu, ndiye mumaibweza ku mtengo wa lero. Mukati mugulitsa m'chaka chimodzi, K50 miliyoni ija lero ndi K38 miliyoni ndi theka, mwaluza K21 miliyoni ndi theka. Mukati zaka zitatu, yatsala pafupifupi K23 miliyoni, mwaluza K37 miliyoni. Nyumba yomweyo, mwini wake yemweyo, koma K16 miliyoni yasuntha chifukwa cholembera chasintha 1 kukhala 3. Chitani zimenezo pa mafayilo onse a banki yonse, muone.

Bambo aja anasamutsidwira pa siteji 2, pamodzi ndi ena onse amene bizinesi yawo imadalira mpunga, chimanga kapena nsomba za ku Kachulu. Mpaka apa ndinalibe chodandaula. Ndinkangoti ndaphunzira.

Chimene chinandiimitsa mutu chinabwera tikulongedza. Manijala anadandaula mwaulemu kuti manambala a nthambi yake aoneka oipa. Abwana anamugwira paphewa.

"Achimwene, musadandaule. Phindu la chaka chino lapitirira kale pamene bodi inatiikira. Zopweteka zonse zilowe chaka chino. Chamawa sitikuchidziwa."

Anazinena mopanda kubisa, ngati munthu amene akukumbutsa mnzake kutseka mawindo.

## Disembala wina uja

Mawu amenewo anandikumbutsa chaka cha 2020. Abwana omwewo, mpando womwewo, fayilo yomweyo. Nthawi imeneyo bambo wa chigayo anali pamavuto enieni. Sukulu zinatsekedwa mu Marichi chifukwa cha Covid-19, ndipo makasitomala ake akuluakulu anali sukulu zogonera konko ndi amayi ophikira ana a ku Chanco. Matumba anangounjikana. Reserve Bank ndi bungwe la mabanki anagwirizana mu Epulo kuti obwereka apumeko kulipira kwa miyezi itatu, ndipo bamboyo anapumadi, kenako ngongole yake inakonzedwanso kuti azilipira pang'onopang'ono.

Ine ndi mantha anga ndinkaganiza kuti fayiloyo ndi ya siteji 2. Abwana anati ayi. Anandifotokozera, molondola ndithu, kuti bungwe lolemba miyezoyi ku London linali litanena kuti kupumitsa anthu kulipira chifukwa cha mliri sikutanthauza pakokha kuti chiopsezo chakwera. Vutoli n'lodutsa, sukulu zatsegulidwanso, chikole chilipo, nyumba ku Chinamwali sivuta kugulitsa. Anati isiyeni pa 1.

Ndiye taonani. Chaka chimene munthuyo ankamira, anali wabwinobwino m'mabuku. Chaka chimene anali atayandama, anakhala wokayikitsa. Maulendo onse awiri abwana anali ndi ndime ya lamulo m'manja, ndipo maulendo onse awiri sindikanatha kuwatsutsa. Chimene chinasintha kwambiri pakati pa zaka ziwirizo si chigayo ayi. Ndi kukula kwa phindu limene likulu linali nalo kale patebulo. Mu 2020 aliyense ankaopa kuti lichepa. Mu 2023 mabanki a pa msika wa masheya anapeza phindu lokwera zedi, makamaka chifukwa chobwereketsa boma pa chiwongoladzanja chokwera.

## Mbale ndi yomweyo

Mayi wogulitsa mpunga pa msika wathu uja samasintha mbale. Mbale ndi yomweyo kwa aliyense. Chimasintha ndi dzanja: wina amuunjikira mpaka kansonga, wina amusesera pang'ono ndi chala, ndipo nonse mwagula mbale imodzi. Amene wayamba kugulitsa dzulo sadziwa zimenezi, amangothira. Ndi wozolowera yekha amene dzanja lake limadziwa posiyira.

Ndalama yopatulidwa mopitiriza sitayika. Imakhala pomwepo. Chaka chovuta chikafika, katswiri amati chiopsezo chija chatsika, n'kuibweza, ndipo imaoneka ngati phindu la chaka chimenecho. Zotsatira zake n'zakuti mzere wa phindu umakwera mwaulemu chaka ndi chaka, wopanda maenje, ngakhale pansi panali zigwa ndi zitunda.

Ofuna mzere wotero ndi ambiri. Bodi imaufuna. Makampani a penshoni amene ali ndi masheya ochuluka amaufuna, chifukwa amadalira divideni yosadumphadumpha. Bonasi ya akuluakulu nthawi zambiri imamangidwa pa chandamale cha chaka: mukachipitirira kwambiri, bodi imangokweza chandamale cha chaka chamawa, ndiye n'kupindulanji kuonetsa zonse lero? Malamulo a Malawi Stock Exchange amafunanso kuti kampani ichenjeze anthu pasadakhale ngati phindu lisiyane ndi la nyengo yapita ndi 20 peresenti kapena kuposa, ndipo palibe bwana amene amakonda kulemba chenjezo lonena kuti latsika. Palinso manyazi a pagulu. Anthu amakwiya akaona mabanki akulemera iwo akulephera kugula shuga, ndipo aphungu anakambiranapo kale, cha m'ma 2018, zoika malire pa chiwongoladzanja. Kuchepetsako phindu pa pepala m'chaka chonona kumaziziritsa mitima.

## Si nzeru ya ku Blantyre

Mu 1998 bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, SEC, linakakamiza banki ya SunTrust kulembanso mabuku ake a zaka za 1994 mpaka 1996 ndi kuchepetsa provishoni ndi madola 100 miliyoni. Mlandu wake sunali wobisa ngongole zoipa. Unali wopatula zochuluka kuposa zoyenera. Chaka chomwecho mkulu wa SEC, Arthur Levitt, anadzudzula poyera khalidwe losunga phindu la lero kuti lidzatsekere maenje a mawa.

Mbali inayo, yokometsera mabuku kuti aoneke bwino, ili ndi chitsanzo chachikulu pa Lehman Brothers, imene inagwa pa 15 Seputembala 2008. Lipoti la Anton Valukas la mu 2010 linaonetsa kuti kumapeto kwa kota, yomwe ndi nyengo ya miyezi itatu, bankiyo inkachotsa m'mabuku katundu wofika madola pafupifupi 50 biliyoni kudzera mu njira yotchedwa Repo 105, n'kumubweza patangopita masiku ochepa kota yatsopano itayamba. Kalata ya maloya yovomereza kuti uku n'kugulitsa kwenikweni anakaitenga ku London, ndipo malondawo ankadutsira ku nthambi ya kumeneko. Munthu wosaphunzira sangaganize n'komwe zimenezo.

Enron itagwa mu 2001, America inakhazikitsa lamulo la Sarbanes-Oxley mu 2002. Mwa zina, limafuna kuti kampani inene ngati mu komiti yake yoona za odita muli katswiri wa zachuma, komanso kuti mkulu wa kampani ndi mkulu wa zachuma asainire okha kuti mabuku ndi oona. Ganizo lake linali lakuti odziwa akachuluka, chinyengo chichepa. Koma patangopita zaka zitatu, John Graham, Campbell Harvey ndi Shiva Rajgopal atafunsa akuluakulu a zachuma oposa 400, anapeza kuti 78 mwa 100 alionse angalolere kutaya phindu lenileni la m'tsogolo kuti manambala aoneke osalala. Ndipo kafukufuku wa Bernadette Minton ndi anzake wa mu 2014 anapeza kuti mabanki a ku America amene anali ndi akatswiri a zachuma ambiri pakati pa mamembala odziimira a bodi ndiwo ankalimba mtima kwambiri pa chiopsezo mavuto asanayambe, ndipo anapwetekeka kwambiri mu 2007 ndi 2008.

## Ndiye tilembe osadziwa?

Ayi ndithu. Ndikanakhala wabodza ndikanati abwana aja anali vuto la banki yathu. Iwowo ndi amene ankagwira zauve zimene ife tinkazilekerera. Ndikukumbuka kontrakitala wina amene cheke chake chinalowa pa 30 Disembala, akaunti n'kuoneka yoyera pa tsiku lotseka mabuku, chekecho n'kudzabwerera sabata yoyamba ya Januwale chifukwa kunalibe ndalama. Anachiona pa mphindi zochepa, chifukwa anali ataitanitsa sitetimenti ya Januwale wa chaka chapitacho n'kupeza kuti masewerawo anachitikanso. Ankadananso kwambiri ndi kupatsa munthu ovadilafuti yatsopano kuti alipirire ngongole yakale. Ankati kumeneko n'kudzinamiza, ndipo manijala wochita zimenezo sankachedwa pa mpando.

Zomwe zimachitika ngongole zikaperekedwa mosasamala n'kuchedwa kuvomereza kuti zafa, tinaziona pa Malawi Savings Bank, pamene boma linasenza ngongole zosabwezedwa za pafupifupi K6 biliyoni bankiyo isanagulitsidwe mu 2015. Ku South Africa, African Bank inagwa mu Ogasiti 2014 itakhala ikupatula zochepa pa ngongole zopanda chikole. Amalipira ndi okhoma msonkho ndi osunga ndalama.

Choncho luso limachotsadi bodza lamkunkhuniza. Chimene ndinaona ine n'chakuti silichotsa chilakolako chofuna nambala inayake. Limangochipatsa njira yaukhondo. Wosadziwa amasintha deti pa risiti, n'kugwidwa. Wodziwa amasintha ganizo la zaka zogulitsira chikole, kapena mphamvu imene chiopsezo cha chilala chimapatsidwa mu modelo, masamu a pa kompyuta oyerekezera zoluza, kapena kuwonjezera ndalama ina pamwamba pa zomwe kompyuta yatulutsa, imene amaitcha management overlay, ndipo chilichonse amachilembera chifukwa chomveka pa tsamba lake.

## Mvula inakanadi

Apa ndi pamene nkhaniyi imandivuta. Chilala chinabweradi. Mu Marichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Ena mwa anthu amene tinawasamutsa tsiku lija analepheradi kulipira. Munthu atawerenga mafayilowo lero anganene kuti abwana anaona patali, ndipo sangakhale akulakwa.

Bambo wa chigayo sanalephere. Koma atabwera nthawi yokolola kudzapempha ndalama yowonjezera yogulira mpunga, monga ankachitira chaka chilichonse, fayilo ya siteji 2 sinkavomerezedwanso pa nthambi. Inayenera kupita ku likulu. Yankho linabwera mavenda atasesa kale mpunga wotchipa, ndipo ndalama yake inali yochepa kuposa imene anapempha.

"Mayi, ndalakwa chiyani ine? Mesa ndimalipira?"

Ndinawauza kuti sanalakwe kanthu, ndi ndondomeko chabe. Mpata wotsalawo anakautseka kwa akatapila. Bambowo sanadziwe kuti anasamutsidwapo, chifukwa siteji ya munthu siilembedwa pa sitetimenti yake.

## Angawatsutse ndani?

Maodita amafika chaka chikangoyamba. Amene amatumizidwa ku nthambi ngati yathu amakhala anyamata ndi atsikana ongochoka kumene ku MUBAS kapena ku Malawi College of Accountancy, anzeru ndithu, koma atanyamula mndandanda wa zofunika kuchonga. Amaona ngati chifukwa chalembedwa, ndipo chimakhala chalembedwa, mwa Chingerezi chabwino kuposa chawo. Mkangano weniweni umachitika ku likulu, pakati pa mkulu wa maodita ndi akuluakulu a banki. Koma akauntanti m'dziko muno ndi ochepa, amadziwana. Amene akufunsayo mwina anaphunzitsidwa ntchito ndi amene akufunsidwayo, ndipo amakumana ku Mangochi pa msonkhano wa pachaka. Sindikunena kuti amagwirizana zoipa. Ndikunena kuti kuuza mphunzitsi wako kuti zaka zitatu zachuluka, pamene iwe ulibe umboni woti ndi ziwiri, kumafuna mtima wina.

A ku Reserve Bank nawo ntchito yawo yaikulu ndi kuteteza ndalama za osunga. Banki yopatula zochepa amaithamangira. Yopatula zochuluka siwasowetsa tulo, ndipo m'pomveka. Ndiye kukongoletsa mabuku kuli ndi alonda, koma kusungira chaka chamawa kulibe mdani m'chipindamo. Opwetekeka ali panja: wobwereka ngati wa chigayo uja, ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene wagulitsa timasheya take chaka chimenecho pa mtengo wotengera phindu lochepetsedwa.

Kwa ine, funso lakuti mkulu wa banki ndi wodziwa bwanji ndi theka chabe. Theka linalo ndi lakuti m'chipindamo muli winanso wodziwa mofanana naye amene malipiro ake sadalira nambala imene ituluke. Ngati mu komiti ya odita muli munthu wotero, amene angafunse kuti bwanji mu 2020 nyumba inkagulika m'chaka chimodzi koma mu 2023 ikufuna zitatu, luso la abwana limatumikira banki. Ngati mulibe, limatumikira chandamale. Funso limenelo silifuna digiri yapamwamba. Limafuna munthu amene wasunga pepala la chaka chatha ndipo saopa kuliika patebulo.

## Ndikatsegula nyuzipepala

Makasitomala anga angapo ali ndi timasheya ta m'mabanki, ndipo zotsatira zikatuluka cha mu Marichi ndi Epulo amandibweretsera tsambalo ku ofesi. Nambala yaikulu ya phindu ndimaidumpha kaye. Ndimafuna mzere wa impairment, woonetsa provishoni ya chakacho, n'kuuika pambali pa wa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Ukakwera m'chaka chimene phindu lanona, n'kutsika kapena kusanduka ndalama yobwerera m'chaka chowonda, pamene ngongole zovunda sizinasinthe kwenikweni, ndimadziwa kuti pali dzanja.

Tsamba la m'nyuzipepala ndi chidule chabe. Kagawidwe ka ngongole m'masiteji atatu, kusamuka kwake, ndi ndalama imene akuluakulu anawonjezera pamwamba pa modelo zimapezeka mu lipoti lathunthu la pachaka, limene mabanki a pa msika wa masheya amaika pa intaneti, mkati mwenimweni mwa manotsi a chiopsezo cha ngongole. Lipoti la maodita lili ndi gawo lotchedwa key audit matters, ndipo pa banki provishoni imapezekamo pafupifupi nthawi zonse, chifukwa nawonso amadziwa kuti m'pamene pali maganizo a munthu ambiri kuposa masamu. Mwini masheya aliyense, ngakhale wa masheya 500, ali ndi ufulu woimirira pa msonkhano waukulu wa pachaka n'kufunsa kuti mwa provishoni ya chaka chatha, ndi ndalama zingati zabwezedwa ku phindu la chaka chino, ndipo chasintha n'chiyani. Mmodzi mwa makasitomala anga, mayi wa golosale ku Matawale, wati chaka chino akwera minibasi kupita ku Blantyre kukafunsa yekha, ndipo funsolo talilemba kale kuseri kwa risiti buku yake.